Kapamba wa Thole ndi Mwana wa Mbuzi: Zimene Timaona pa Maikulosikopu

Chaka chatha, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa m'masukulu a pulaimale, tinafika pa sukulu ina ya kumudzi imene imaŵeta mbuzi zingapo. Tinapeza ana a Sitandade 7 ali khuma. Mbuzi yawo yaikazi inali itafa patangopita masiku anai iswere, ndipo anawo, pomvera chisoni kamwana kamasiye, anayamba kukamwetsa phala la ufa woyera lothira shuga, m'maŵa ndi madzulo, monga momwe amaonera amai awo akudyetsa khanda. Kamwanako kanatsegula m'mimba, kanafooka, ndipo sabata isanathe kanatsatira make. Mtsikana wina anafunsa mnzathu wophunzira uphunzitsiyo kuti, "Aphunzitsi, mbuzi zazikulu zimadya madeya osadwala, nanga bwanji aka kafa ndi phala?" Mnzathuyo anayankha kuti kanali kakang'ono. Yankho limenelo silinali labodza, koma silinamphunzitse mwanayo kanthu, pakuti kuchepa kwa kambuziko anali kukuona yekha ndi maso ake.

Funso la mtsikanayo ndilo latichititsa kulemba phunziro lino. Zilipo zinthu zina zimene zingathe kutsegula m'mimba mwa kamwana kotere, monga botolo losatsuka bwino kapena kusoŵa mkaka woyamba wa make, koma kambuzi aka kanali katayamwa masiku anai, ndipo vuto linayamba ndi phala. Mbali yaikulu ya yankho yagona m'chiŵalo china chaching'ono chimene opha mbuzi sachiŵerengera n'komwe, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kuyang'ana m'kati mwenimweni mwa chiŵalocho, kumene diso lokha silifika. Sitikunena kuti mukauze ana a pulaimale kuti aloŵeze maina onse amene titchule muno. Koma mphunzitsi ayenera kudziŵa zoposa zimene alembe pa bolodi, kuti funso likabwera modzidzimutsa asaliphe ndi yankho lopanda kanthu.

Tiyambe tagwirizana za dzina

Liu lakuti kapamba limasokoneza. Kumudzi mwana akamadwala malungo kaŵirikaŵiri, akulu amagwira kumanzere kwa mimba yake nati kapamba watupa. Chiŵalo chimenecho ndi chija chofiira moderako, chosalala, chimene ntchito yake ndi kusefa magazi, ndipo pa Chingerezi amati spleen. Koma m'mabuku a zaumoyo ndi m'nkhani za matenda a shuga, liu lomweli limaimiranso chiŵalo china chimene pa Chingerezi amati pancreas. Kapamba amene tikunena m'phunziro lino ndi wachiŵiriyu. Mukaloŵa m'kalasi osalongosola zimenezi, inu mudzakhala mukunena china, ana akumva china, ndipo nonse mudzatuluka okhutira.

Mu ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, nyama zimene timazitcha zobzikula, kapamba ameneyu amakhala cha kumtunda kwa mimba, kufupi ndi msana, makamaka mbali ya kumanja, atamatirira ku chiyambi cha matumbo aang'ono pafupi ndi chiŵindi. Ndi wofeŵa, wotumbululuka mofiirira pang'ono, wa tizigawo tambirimbiri, kotero kuti ambiri amamuyesa mafuta chabe. Madzi amene amapanga amatsikira m'matumbo kudzera m'kangalande. Mu mbuzi ndi nkhosa ngalande imeneyi imayamba yakumana ndi ngalande ya ndulu, ndipo ziŵirizi zimaloŵera pamodzi m'matumbo. Mu ng'ombe kaŵirikaŵiri imaloŵa payokha, patsogolo ndithu kuchokera pamene paloŵera ndulu.

M'mene kachidutswa kamakonzedwera

Kuunika kwa maikulosikopu kumachokera pansi, motero kuyenera kupyola m'chinthu chimene tikuyang'anacho. Akatswiri amadula kachidutswa ka kapamba nakaika msanga m'mankhwala a fomalini kuti kasaonongeke. Pambuyo pake amakachotsa madzi, amakamiza m'phula losungunula longa la makandulo, ndipo phulalo likauma amadula timapepala topyapyala ndi makina. Kuchindikala kwa kapepala kamodzi kumakhala pafupifupi mamaikulomita 5. Mamaikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndiye kuti timapepala 200 tosanjikizana ndito tingakwane milimita imodzi ya pa rula yanu. Samu imeneyi apatseni ana aichite okha. Amasangalala nayo, ndipo imaŵaonetsa kuchepa kwa zinthu zimene tikukamba koposa mau onse amene munganene.

Kapepala kopyapyala chotere kamaoneka mbuu, kopanda mtundu, motero amakapaka utoto uŵiri. Woyamba ndi haematoxylin, wochokera ku mtengo wina wa ku Mexico ndi maiko oyandikana naye, umene umagwira phata la selo nuliderako ndi mtundu wa buluu. Wachiŵiri ndi eosin, umene umafiiritsa mbali zina za selo.

Liu lakuti msanga talinena dala. Kapamba ndi nkhokwe ya timadzi togaya nyama, ndipo iye mwini ndi nyama. Chiŵeto chikangofa, timadzi timeneti timamasuka ndi kuyamba kugaya mwini nyumba, kotero kuti pakapita maola ochepa, makamaka m'nyengo yotentha, chiŵalochi chimakhala chitaphwanyika kale pamene zina zikadali bwino.

Timatumba, tingalande ndi tizilumba

Tikayang'ana kapepala kaja pa galasi lokulitsa pang'ono, choyamba kuona ndi chakuti kapamba wakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo kachikopa kameneka kamaloŵa m'kati nikagaŵa chiŵalo chonse m'tizigawo, monga mmene malire amagaŵira minda ya m'mudzi. M'malire amenewo ndimo mumadutsa mitsempha ya magazi, mitsempha ya uthenga wa ku ubongo ndi ngalande zokulirapo. Malire aŵa musaŵaiŵale, tidzabwereranso.

Tikakulitsa kwambiri, timaona kuti chigawo chilichonse chadzaza ndi timatumba tozungulira tothinana ngati timibulu ta bulosi. Pa Chilatini kathumba kamodzi amati acinus, liu lotanthauza kachipatso. Kathumba kalikonse kamapangidwa ndi maselo angapo ooneka ngati magawo a lalanje lodulidwa pakati: kunja n'kotambalala, ndipo nsonga zonse zaloza pakati pamene pali kabowo. Selo limodzi lili ndi mitundu iŵiri. Kumbali yotambalala, kumene kuli phata, n'koderako ndi buluu, chifukwa kumeneko ndiko kwadzaza tizipangizo tofulira mapuloteni. Kunsonga n'kofiirira, chifukwa kwaunjikana timibulu tambiri tosungira zimene zafulidwazo podikira kuti chakudya chifike. Selo limeneli lili ngati nyumba ya mmisiri: kuseri n'kosulira, kukhomo n'koyalira zosulidwa.

Zimene zimasungidwa m'timibulu timeneti ndi maenzaimu, ndiko kuti timadzi tophwanya chakudya. Atatu ndiwo tiyenera kuŵadziŵa: trypsin wogaya mapuloteni, lipase wogaya mafuta, ndi amylase wogaya sitachi, ufa uja umene umapezeka m'chimanga, m'chinangwa ndi mu mpunga. Trypsin sasungidwa ali wokonzeka kugwira ntchito. Amakhala ngati mpeni uli m'chimake, ndipo amasololedwa atafika kale m'matumbo, kumene enzaimu ina ya pa khoma la matumbo imamtsegula. Pachifukwa chimenechi kapamba wa nyama yamoyo sadzigaya yekha.

Pakati pa kathumba mudzaona maselo ena ang'onoang'ono otumbululuka. Ameneŵa ndi chiyambi cha kangalande, kamene kamaloŵa mpaka m'kati mwa kathumbako, ndipo ndi chizindikiro chimene akatswiri amasiyanitsira kapamba ndi ziŵalo zopanga malovu, zimene zimafanana naye kwambiri. Tingalande tating'ono timakumana kukhala ngalande zokulirapo, monga timitsinje timathira mu mtsinje. Ntchito yake si kunyamula kokha ayi. Maselo a m'mbali mwa tingalande amathiramo madzi ndi soda, wa mtundu womwewo umene amai amaphikira therere, kuti aziziritse ukali wa asidi wochokera m'chifu, pakuti maenzaimu a kapamba sagwira ntchito m'malo a asidi.

Tsono pakati pa timatumba toderako timeneti pamaoneka, apa ndi apo, timadera totumbululuka, tomwazikana ngati zulu m'munda. Ameneŵa ndi maselo a mtundu wina, ondandalikana m'timizere pakati pa timitsempha ta magazi tochuluka zedi. Alibe ngalande. Zimene amapanga zimaloŵa m'magazi mwachindunji, ndipo zoterezi timazitcha mahomoni. Woyamba kufotokoza timadera timeneti anali Paul Langerhans, wophunzira udokotala ku Berlin, m'chaka cha 1869, pamene anali kuyang'ana kapamba wa kalulu; ntchito yake sanaidziŵe. Mu 1889 Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu ku Strasbourg, ndipo galuyo anadwala matenda a shuga. Mu 1893 Édouard Laguesse wa ku France anatcha timaderato tizilumba ta Langerhans, naganiza kuti ndito timatulutsa chinthu cholamulira shuga. Lero tikudziŵa kuti m'tizilumba muli maselo a beta opanga insulini, imene imatsitsa shuga wa m'magazi, maselo a alpha opanga glucagon, imene imamkweza, ndi ena oŵerengeka othandiza kulinganiza ntchito ya aŵiriŵa. Mu nyama yaikulu tizilumba tonse pamodzi timangokwana gawo 1 kapena 2 pa magawo 100 a kapamba yense.

Chosiyana mwa ana a nyama zobzikula

Zimene tanenazi zimapezeka mwa munthu, mwa galu ndi mu nkhumba momwe. Tiyeni tsopano tibwerere ku malire aja. Mu kapamba wa thole kapena mwana wa nkhosa amene ali m'mimba mwa make, kapena amene wangobadwa kumene, muli tizilumba ta mitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi tating'ono, tokhala m'kati mwa tizigawo pakati pa timatumba, ndipo tambiri sitiposa gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Mtundu wachiŵiri ndi zilumba zikuluzikulu zokhala m'malire, kunja kwa tizigawo, zokutidwa ndi kachikopa kawokawo. Zina mwa izo zimaposa milimita imodzi, ndipo pafupifupi maselo ake onse ndi a beta, opanga insulini. Susan Bonner-Weir ndi Arthur Like anafotokoza mitundu iŵiriyi mu ng'ombe m'chaka cha 1980. Nyama ikamakula zilumba zikuluzikuluzi zimanka zichepa, ndipo mu ng'ombe yaikulu zotsala zimakhala zoŵerengeka, pamene tating'ono tija timakhalabe moyo wake wonse. Nthaŵi yomweyo timatumba topanga maenzaimu timanka tichuluka ndi kudzaza timibulu. Mwachidule, kapamba wa kamwana ndi wolemera ku mbali ya tizilumba koma wosakhwima ku mbali ya kugaya.

Chidziŵitso chimenechi chinapulumutsapo anthu. Mu 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anali kuyesayesa kutenga insulini mu kapamba, ndipo ankaopa kuti maenzaimu a m'timatumba adzaiononga pomwe akuisefa. Banting anakumbukira zimene Laguesse, amene anafufuza kwambiri kapamba wa ana a nkhosa osabadwa, analemba zakuti mwa ana otere tizilumba timachuluka poyerekeza ndi timatumba. Pokhala mwana wa mlimi, anadziŵanso kuti ng'ombe zina zimafika kophera zili ndi bere. Mu Novembala chaka chomwecho anapita kophera ng'ombe kukatenga kapamba wa matole osabadwa, ndipo madzi amene anasefamo anatsitsa shuga wa agalu odwala. Posakhalitsa anapeza njira yogwiritsira ntchito kapamba wa ng'ombe zazikulu, James Collip anayeretsa mankhwalawo, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anabayidwa napeza bwino. Kwa zaka pafupifupi 60 odwala shuga anadalira insulini ya ng'ombe ndi nkhumba, kufikira mu 1982 pamene inavomerezedwa insulini ya mtundu wa munthu yopangidwa ndi mabakiteriya. Nkhani iyi ikambeni m'kalasi. Ana oŵeta ng'ombe amaimvetsera chete akamva kuti chimene chinathandiza dokotalayo ndi chidziŵitso cha kukhola.

Yankho la mtsikana uja

Nyama yobzikula ili ndi chifu cha zipinda zinai. Mu ng'ombe yaikulu chipinda choyamba, chifu chachikulu chija, chimatenga pafupifupi magawo 80 pa 100 a malo onse, ndipo m'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tosaŵerengeka timene timasasitsa udzu ndi madeya. Koma mwa kamwana kongobadwa kumene chifu chachikulucho n'chaching'ono ndipo sichinayambe ntchito. Chipinda chachinai ndicho chachikulu, choposa theka la chifu chonse. Kamwana kakamayamwa, minofu iŵiri ya pa khoma la chifu imapindika kukhala ngalande, ndipo mkaka umalambalala zipinda zoyamba nufikira m'chipinda chachinaicho, m'mene umaundana ngati chambiko ndi kutsikira m'matumbo pang'onopang'ono. Kunena zoona, m'masabata oyamba thole silili nyama yobzikula, koma lili ngati galu kapena munthu, lodalira maenzaimu a thupi lake lokha.

Nanga maenzaimuwo ndi okwanira? Kwa mkaka, inde. Shuga wa mu mkaka amagayidwa ndi enzaimu ya pa khoma la matumbo imene imachuluka kwambiri pa kubadwa. Mafuta a mu mkaka amayamba kugayidwa ndi enzaimu yochokera kukhosi, imene imatsikira pamodzi ndi malovu, ndipo lipase wa kapamba amatsiriza. Trypsin amakhala wochepa m'masiku oyamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja uli ndi chinthu chomufooketsa. Kumeneku si kulakwa kwa chilengedwe, pakuti mu mkaka umenewo muli mapuloteni oteteza ku matenda amene ayenera kuloŵa m'magazi ali amphumphu, ndipo khomo lake limatseka pakatha pafupifupi maola 24. Koma amylase, wogaya sitachi, ndi wochepa zedi mu kapamba wa kamwana, ndipo amachuluka pang'onopang'ono pa masabata ndi miyezi yotsatira. M'malovu a nyama zobzikula namonso mulibe amylase, pamene m'malovu a munthu alimo. Apa ndi pamene ana aja anasokera poyerekeza kambuzi ndi khanda, ngakhale kuti khanda la munthu nalonso timadikira kuti likwane miyezi 6 tisanaliyambitse phala. Ufa wosagayika uja umafika m'matumbo a kumapeto, umasasa, umakoka madzi, ndipo kamwana kamatsegula m'mimba mpaka kuuma thupi. Mlandu wa shuga wa mu supuni si wa kapamba ayi, koma nawo ulipo: matumbo a nyama zobzikula, zazing'ono ndi zazikulu zomwe, alibe enzaimu yophwanya shuga wa nzimbe.

Chimene chikadamdabwitsa kwambiri mtsikana uja ndi ichi: mbuzi yaikulu nayonso sigaya madeya payokha. Tizilombo ta m'chifu chachikulu ndito timagwira ntchito yaikulu, nitisandutsa ufa ndi udzu kukhala maasidi amene amaloŵa m'magazi kudzera pa khoma la chifu, ndipo chiŵindi ndicho chimapanga shuga kuchokera ku ena mwa maasidiwo. Kambuzi kaja kanalibe antchito ameneŵa. Kusinthaku kumaonekanso m'magazi. Thole loyamwa limakhala ndi shuga wa pafupifupi mamiligalamu 100 m'mamililita 100 a magazi, pamene ng'ombe yaikulu imakhala ndi pakati pa 45 ndi 75. Taonani kuti nthaŵi ya zilumba zikuluzikulu ndi nthaŵi yomwe kamwana kamalandira shuga wokonzeka kale, poyamba kuchokera m'magazi a make, pambuyo pake kuchokera mu mkaka. Auzeni ana kuti zinthu ziŵirizi zimayendera limodzi, ndipo muŵalole afunse okha chifukwa chake musanaŵapatse maganizo anu.

M'kalasi yopanda maikulosikopu

Masukulu ambiri amene mudzatumizidwako alibe maikulosikopu, ndipo chimenecho sichifukwa chodumphira phunziro. Pa tsiku la msika gwirizanani ndi opha mbuzi kuti akusungireni chiyambi cha matumbo aang'ono chosachotsa zomatirira, ndipo mupemphenso kapamba winayo, wa kumanzere uja. Ziikeni ziŵirizi pa mbale imodzi m'maŵa womwewo, ana azione ndi kutchula okha maina amene amazitcha kwawo, pakuti m'kalasi imodzi mungathe kumva maina osiyana. Galasi lokulitsa la pamanja limaonetsa bwino tizigawo ndi malire ake. Onse ogwira nyama asambe m'manja ndi sopo, ndipo zotsala mukwirire.

Dulani lalanje pakati mopingasa kuti likhale kathumba, ndipo bango kapena phesi la udzu likhale kangalande. Ana aumbe timatumba ndi dongo lofiira, tizilumba ndi dongo loyererako. Gulu lina liumbe kapamba wa thole, lina wa ng'ombe yaikulu, ndipo lililonse lifotokoze chifukwa chake laika zilumba zake pamene laziika. Ntchito ya amylase muionetse motere: thirani phala la madzimadzi kwambiri, lozizira, m'makapu aŵiri, mwana mmodzi alavulire malovu okwanira m'kapu imodzi, muvundule ndi kuziika pofunda kwa theka la ola, kenaka mudonthezere ayodini. M'kapu yopanda malovu phala lidzada ndithu, m'kapu inayo lidzaderako pang'ono kapena osada konse. Funsani kuti ndi kapu iti imene ikufanana ndi m'mimba mwa kambuzi.

Pa zojambula za ophunzira athu timapezamo zolakwa zitatu chaka ndi chaka. Ena amajambula ngalande ikuchokera pa kachilumba, chimene chimafafaniza phunziro lonse la mahomoni. Ena amachulukitsa tizilumba mpaka theka la chithunzi, chifukwa n'tosavuta kujambula. Ndipo ena amaiŵala kunena kuti buluu ndi kufiira kuja ndi utoto wopaka, kotero kuti tinamvapo mwana akutsutsa kuti chimene chili pa mbale si kapamba chifukwa sichili cha buluu.

Mbuzi ya pa sukulu ikadzafa n'kusiya kamwana, choyamba yang'anani ngati ilipo ina yoyamwitsa imene ingagwiridwe kuti kamasiyeko kayamwe kangapo pa tsiku. Ikasoŵa, mkaka wa ng'ombe woŵiritsa ndi kuuziziritsa kufikira kutentha kwa thupi umakwanira, wopanda ufa ndiponso wopanda shuga, woperekedwa pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri. Muupereke m'botolo lotsuka bwino la nsonga yoyamwira, chifukwa kuyamwa ndiko kumathandiza kuti ngalande ya m'chifu ipindike bwino. Kuyambira sabata yachiŵiri ikani pafupi udzu wofeŵa, masamba, madzi oyera ndi timadeya touma pang'ono, kuti kazitola kokha. Zouma zoterezi zimagwera m'chifu chachikulu, kumene zimaitana tizilombo tija ndi kukulitsa chifucho, ndipo mkaka musausiye kufikira kambuzi katakwana miyezi iŵiri kapena itatu ndipo mwakaona ndi maso anu kakubzikula. Ana alembe m'kope tsiku limene akaone kakubzikula koyamba.